Strong, Thayer, Vine kapena BDAG: ndi iti ingakuuzeni zoona za mawu oti psallo?

Anzanga a m'kwaya ndi a kumaphunziro a Baibulo akhala akundifunsa kuti agule buku liti lofotokoza mawu a Chigiriki. Chimene chawautsa ndi mkangano wakale uja wa zoimbira m'tchalitchi, umene umathera pa mawu amodzi a pa Aefeso 5:19, oti psallo. Ndayesa mabuku anayi pa mawu omwewa.

Ndiyambe ndi limene linandipweteka. Ndinagula konkodansi ya James Strong, buku londandalika mawu a m'Baibulo limene limapatsa nambala mawu alionse a Chihebri ndi Chigiriki, imene inatuluka koyamba mu 1890, kwa munthu wina wogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu. Sanandiuze kuti manambala ake amatsata Baibulo la Chingerezi la King James. Ine wa Buku Lopatulika ndinayenera kugulanso Baibulo lina kuti bukulo ligwire ntchito. Ndalama ziwiri pa chinthu chimodzi.

Koma chondiwawa kwambiri si ndalamazo. Pa nambala 5567, Strong amanena kuti psallo ndi kukhwekhwesa kapena kudina nsambo, ndiko kuimba choimbira cha zingwe. Ndinanyamula zimenezo n'kukaima nazo pamaso pa anthu: Paulo walamula gitala, nkhani yatha. Mkulu wina wachikulire anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwana wanga, tatiwerengereni Yakobo 5:13, pamene pali mawu omwewo akuti wokondwera achite psallo. Wokondwera aliyense ayambe wafuna zeze?" Ndinalibe choyankha, ndipo achinyamata awiri amene anandikhulupirira anapita kwawo atasokonezeka. Zimenezo zimandivutabe.

Vuto lake n'loti Strong amathira pamodzi kumene mawu anachokera ndi tanthauzo limene anali nalo pamene Paulo ankalemba, ngati kuti n'chimodzi. Chonsecho mawuwa anayenda ulendo wautali. Kwa Agiriki akale psallo kunali kuzula tsitsi, kukoka nsinga ya uta, kudina zingwe ndi zala. Mu Septuagint, chimene ndi Chipangano Chakale chomasuliridwa m'Chigiriki, pa 1 Samueli 16:23, Davide akuchita psallo ndi dzanja lake pamaso pa Sauli, ndipo apo ndi zeze ndithu. M'Masalimo mawu omwewo akuyamba kutanthauza kutamanda Mulungu ndi nyimbo. Lero ku Greece, woimba wa mu mpingo wa Orthodox amatchedwa psaltis, ndipo amaimba ndi pakamwa pokha. Ife sitiyenera kudabwa nazo: timati kuimba nyimbo, kuimba ng'oma, kuimba belu, kuimba foni, ndipo womvera amadziwa chimene tikunena poona mawu oyandikana nawo. Buku limene silikuuzani za ulendo umenewu likupatsani ndodo yomenyera mnzanu, osati nyali.

Apa m'pamene Joseph Henry Thayer anandigwira mtima. Dikishonale yake ya 1886 imayala matanthauzo mwandondomeko, kuyambira kuzula, kudina zingwe, kuimba motsagana ndi zeze, n'kudzanena payokha kuti m'Chipangano Chatsopano ndi kuimba nyimbo yotamanda Mulungu. Imakupatsaninso malo onse: Aroma 15:9, 1 Akorinto 14:15 kawiri, Aefeso 5:19 ndi Yakobo 5:13. Kasanu basi. Ndi yakale, inalembedwa makalata ambiri a gumbwa a ku Egypt asanafukulidwe, ndipo zilembo za Chigiriki zimafuna kuziphunzira kaye. Komabe ndikanaiwerenga poyamba, sindikanalankhula zimene ndinalankhula tsiku lija.

Buku la W. E. Vine la 1940 ndi losavuta kwa wosadziwa Chigiriki chifukwa mumafufuza ndi mawu a Chingerezi, ndipo limaika psallo pafupi ndi mawu anzake a Chigiriki onena za kuimba, ado ndi hymneo. Linandithandiza kuona kuti pamene Yesu ndi ophunzira anaimba asanapite ku phiri la Azitona pa Mateyu 26:30, ndi pamene Paulo ndi Sila anaimba m'ndende pa Machitidwe 16:25, mawu ake ndi hymneo, osati psallo.

BDAG, dikishonale ya Chigiriki cha Chipangano Chatsopano imene Frederick Danker anaikonzanso mu 2000, ndiyo yozama kuposa onse. Imati psallo ndi kuimba zotamanda, kaya pali choimbira kaya palibe, ndipo zimenezi sizikondweretsa mbali iliyonse ya mkangano uja. Mtengo wake umaposa madola 100. Ine ndinaiwerengera m'laibulale ya sukulu ina ya ubusa, ndipo ndikukulangizani kuchita chimodzimodzi.

Za kulemera ndi kukula kwa zilembo sindinenapo zambiri: Strong wathunthu ndi mtolo, ndipo zilembo zake n'zazing'ono zofuna magalasi.

Ndiye mugule chiyani? Musagule kanthu kaye. Ikani Blue Letter Bible pa foni, ndi yaulere, ndipo mukadina mawu mupeza Strong, Thayer ndi Vine pamalo amodzi. Strong mutengereni nambala yokha, 5567 ya psallo, 5214 ya hymneo, 103 ya ado, kenako tsikani m'munsi mukawerenge Thayer yense, ndi mavesi onse amene watchula. Strong wanga uja ndinamuika pansi pa alumali, ndipo amene adzam'bwereke ndidzayamba ndamutsegulira Yakobo 5:13.