TTRS, TypingClub, Dance Mat kapena TIPP10: mwana wa dyslexia ayambire pati kutaipa?

Kwa mwana wa dyslexia (vuto lomwe limachititsa kuti kuwerenga ndi kulemba kuzivuta), yemwe b amamuona ngati d, kapena yemwe dzanja limamupweteka akangolemba mizere iwiri, kiyibodi imamupeputsira ntchito heve chifukwa chilembo chimatuluka chooneka bwino nthawi zonse ndipo akalakwitsa amangofufuta basi, kope osada. Koma aphunzitsi anzanga, si pulogalamu iliyonse yophunzitsira kutaipa yomwe imamuyenera mwana wotereyu.

Ambiri timathamangira TypingClub poti ndi yaulere ndipo imangotsegulidwa pa browser. Ndi yabwino ndithu, mutha kukulitsa zilembo, kuyika font ya OpenDyslexic (zilembo zopangidwira anthu a dyslexia), ili ndi maphunziro a munthu wotaipa ndi dzanja limodzi omwe kwina simungawapeze msanga. Vuto lake ndi poyambira paja, mwana amakhalira ffff jjjj fjfj, zinthu zopanda tanthauzo, kenako pamapeto imamuonetsa nyenyezi ndi liwiro lake. Mwana yemwe wakhala akutsalira m'kalasi kuyambira Sitandade 1 akaona nyenyezi ziwiri pomwe mnzake wapeza zisanu, mawa lake sabwera ku labu, amati mutu ukuwawa.

Dance Mat Typing ya BBC nayo ndi yaulere, ma level 4, iliyonse ma stage 3, inapangidwira ana a zaka 7 mpaka 11. Tinyama toyimba, Chingerezi cha ku Britain chothamanga. Wamng'ono amasangalala nayo koma wa ADHD (vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi) amangothera kuonera tinyamato, ndipo mnyamata wa Fomu 2 musamuyikire, achita manyazi.

Yomwe inapangidwiradi ana a dyslexia ndi Touch-type Read and Spell, ambiri amangoti TTRS, ya ku UK, inayamba mu 1992 ndipo imatsata njira ya Orton-Gillingham, yophunzitsira kuwerenga pogwiritsa ntchito kumva, kuona ndi kugwira limodzi. Mwana amavala mahedifoni, amamva liwu likutchulidwa, amaliona pa sikirini, manja ojambulidwa amamuonetsa chala choti agwiritse ntchito, iye n'kutaipa. Ndiye khutu, diso ndi chala zikuphunzira limodzi, ndipo mawu ake ndi enieni osanjidwa potengera kamvekedwe, red, led, fed, moti sipelo ikulowa iye akuganiza kuti akungotaipa. Ili ndi ma level 24, ma module ake afupiafupi oti amaliza asanatope, ndipo chomwe imayang'ana kwambiri ndi kulondola osati liwiro. Kwa ine iyi ndiye imaposa zonse, palibenso zokambirana. Koma ndi yolipira, pa khadi, ndalama yakunja, komanso imafuna intaneti tsiku lililonse, ndiye ndi mmene bandulo ikuwawiramu sukulu zambiri sizingaikwanitse.

Apa ndi pomwe TIPP10 imalowera. Ndi ya ku Germany, yaulere, mukaiyika pa kompyuta imagwira popanda netiweki pa Windows, Mac ngakhale Linux. Maonekedwe ake ndi ouma, palibe katuni, zomwe kwa mwana wosachedwa kusokonezeka ndi zabwino. Chilembo chomwe akulakwitsa kawirikawiri imachibweretsa mobwerezabwereza. Koma chomwe ndimaikondera ndi choti mutha kulowetsamo mawu anu. Mapulogalamu enawo sabwera ndi maphunziro a Chichewa, pomwe apa mumulembera ng'ombe, nkhuku, mphunzitsi, ntchito, dzina lake ndi la mudzi wake, ngakhale manotsi a Agriculture a sabata imeneyo, akutaipa uku akuwerengera mayeso. Siimutchulira mawu ngati TTRS, ndiye mukhale pambali pake muzimuwerengera nokha. Tux Typing nayonso imalola mawu anu ndipo siifuna intaneti, koma nsomba zake zimagwa kuchokera pamwamba mwana n'kumapanikizika, isiyeni ikhale ya masewera Lachisanu.

Iliyonse mungasankhe, mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Mugwiritseni timizere totukuka tomwe tili pa F ndi J kuti zala zizibwerera pomwepo osayang'ana pansi. Ndipo ngati chala chake chimakhalitsa pa batani mpaka kutuluka aaaaa, pa Windows dinikizani Shift yakumanja kwa masekondi 8 muyatse Filter Keys, vutolo lichepa pomwepo. Yemwe amalephera kugwira mabatani awiri nthawi imodzi, Shift kasanu, Sticky Keys yayaka, chilembo chachikulu azichipeza ndi chala chimodzi.