Gulu la kalasi pa WhatsApp: zida zoletsera chibwana zilipo, koma mwano sizigwira

Wa Fomu 4 amene akungofuna manotsi a Biology ndi tsiku la mayeso oyeserera amatsegula gulu la kalasi n'kupeza mauthenga mazanamazana. Wina waponya chithunzi cha mnzake akuwodzera pa desiki, ena atsatira ndi "kkkkk" ndi mastika, awiri akangana za mpira mpaka atukwanirana makolo. Funso lomwe linafunsidwa m'mawa lakwiririka. Kutuluka sangatuluke, poti uthenga wa aphunzitsi umadzera momwemo.

Kwa membala wamba, WhatsApp ili ndi zochepa. Mute imatontholetsa gulu kwa maola 8, sabata imodzi kapena mpaka kalekale, koma wina akakutchulani ndi @ kapena kuyankha uthenga wanu, foni imalirabe, ndipo anyamata ovutawo amadziwa zimenezi. Kubuloka kumakhumudwitsa kwambiri: kumatseka zolemberana awiri basi, m'gulu mawu ake muziwaonabe. Pofuna kuteteza bandulo, pitani ku Settings, kenako Storage and data, muchotse zithunzi ndi mavidiyo pa auto-download. Mavoisi okha amatsika ngakhale mutatero.

Mphamvu zenizeni zili ndi admin, pa Group permissions. Yambani ndi kutseka Edit group settings, chifukwa kusintha dzina la gulu kapena kuika nkhope ya mnzawo ngati chithunzi cha gulu ndiwo masewera oyamba a achibwana. Tsegulani Approve new members, ndipo linki ikafalikira kusukulu zina, dinani Reset link, yakaleyo imafa pomwepo. Kuyambira 2022 admin amatha kufufuta uthenga wa munthu wina kuti uchoke kwa onse, malinga usanapitirire masiku awiri kapena kuposerapo pang'ono. Pamalopo pamatsala mawu osonyeza admin amene wafufuta, choncho ngati admin ndi mtsikana wofatsa wa m'kalasi momwemo, mawa lake pa buleki akaona zakuda. N'chifukwa chake pamafunika ma admin awiri kapena atatu, mmodzi akhale mphunzitsi. Komanso kufufuta kumathandiza ngati kwachitika msanga; pakangodutsa ola, wina amakhala atajambula kale sikirini n'kuika pa status.

Chinthu chabwino chomwe ambiri sachigwiritsa ntchito ndi kupina uthenga. Mungapine mauthenga angapo, kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ndipo ndandanda ya mayeso imakhala pamwamba ngakhale pansi patavuta.

Pofooka pake ndi apa. Palibe njira yotsekera pakamwa munthu mmodzi kwa tsiku limodzi. Kaya mutseka Send messages kuti aliyense akhale chete kupatula ma admin, kaya mumuchotsa wolakwayo, zapakati palibe. Telegram imalola kuletsa membala mmodzi kulemba kwa nthawi yoikika, ndipo ili ndi slow mode yoti munthu azidikira asanatumize uthenga wina. Koma ndi angati m'kalasi angasamukire kumeneko, pomwe bandulo yotsika mtengo ya Airtel kapena TNM yomwe amagula ndi ya WhatsApp?

Sefa ya mawu nayonso mu WhatsApp mulibe. Instagram ili nayo, Hidden Words, momwe mumalemba nokha mawu oti asaoneke, koma Chichewa chimaigonjetsa mosavuta. Mukalemba "chitsiru", wina alemba "chitsilu". Mukaletsa "galu" ndi "mbuzi", mwaletsanso funso la Agriculture. Ndipo mwano wathu nthawi zambiri sukhala m'mawu otukwana. Umakhala mu "iwe" wopita kwa munthu woyenera "inu", kapena mu ka- ndi chi- wa "kamtsikana aka" ndi "chimutu chakocho". Mnyamata angalembe "wamva iwe?" poyankha aphunzitsi, popanda liwu loipa ngakhale limodzi, kalasi yonse n'kudziwa kuti wachita chipongwe. Makina sangamve zimenezo, amamva ndi munthu.

Report imatumiza ku kampani ya WhatsApp mauthenga asanu omaliza a munthuyo. Pa zinthu zolaula kapena zoopseza ndi yoyenera, koma musayembekeze kuti ithetsa zonyozana za m'kalasi. Zikafika poopsezana kapena kufalitsa zithunzi zochititsa manyazi, sungani umboni musanafufute, muuze aphunzitsi kapena makolo. Lamulo la Malawi la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza munthu pa intaneti.

Chomwe chimayenda bwino ndi magulu awiri. Loyamba lotseka, olemba ndi ma admin okha, la manotsi ndi zidziwitso. Lachiwiri la macheza, lomwe wotopa atha kuliika pa Archive kapena kutulukamo osaluza kanthu. Potuluka masiku ano gulu lonse siliuzidwa, amadziwitsidwa ndi ma admin okha, ngakhale dzina limaonekabe kwa masiku 60 pa mndandanda wa omwe anachoka. Kuti asakubwezerenimo mwachipongwe, pa Privacy sankhani Groups, kenako My contacts except, muchonge mayina a amene amakonda kutero.