Yamaha F310 ya kaunjika m'manja mwa wophunzira kumene

Gitala iyi ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito nthawi yozizira, ndisanakhudzepo nsambo chibadwire. Yadutsa m'kutentha kwa Okutobala ndi chinyezi cha dzinja lonse, ndiye tsopano ndili ndi ponenera kwa anzanga amene mukufuna kuyamba.

F310 ndi gitala yosalowa magetsi, ya nsambo zachitsulo zisanu ndi imodzi ndi mafreti 20, timizere tachitsulo topingasa pakhosi la gitala. Kutsogolo kwake ndi thabwa la spruce lomata mapepala a matabwa angapo, osati thabwa limodzi lathunthu. Akadaulo amalinyoza thabwa lotere kuti silimveka mokoma ngati la magitala odula, ndipo sakunama. Koma ndi lomwelo lomwe silisweka msanga nyengo ikamasinthasintha. Yanga ilibe mng'alu ngakhale umodzi, ndipo chomangira nsambo cha pamimba sichinatukuke. China chomwe ndinachikonda ndi chakuti nsambo zake n'zazifupi pang'ono, mamilimita 634, pamene magitala ambiri amafika cha m'ma 650. Mafreti amayandikana, zala sizitambasuka kwambiri.

Koma nkhani yaikulu si dzina lolembedwa pamutu pa gitala. Ndi mpata wa pakati pa nsambo ndi khosi. Mwini wake woyamba anaikamo nsambo zonenepa, ndipo zinali zitakwera moti kudinikiza kodi ya C (kodi ndi kagwiridwe ka nsambo zingapo kuti zilire pamodzi) kunali ngati kukankha waya wa mpanda ndi chala. Nsonga za zala zinkatupa, mawu n'kumatuluka ogonthagontha. Anthu ankangoti pirirani achimwene, khungu likhuthala. Likhuthaladi, koma pali ululu wa kuphunzira ndi ululu wa gitala yosakonzedwa, ndipo wachiwiriwu ndi umene umapangitsa ambiri kuipachika pakhoma mwezi usanathe.

Mmisiri wina wokonza zida za bandi ndi amene anandithandiza. Anachotsa kachidutswa koyera komwe nsambo zimatsamira pamimba, n'kukapala pansi ndi sandipepa. Anapotokolanso pang'ono chitsulo cha m'kati mwa khosi, chija amati truss rod, kuti khosi liwongoke. Nsambo yonenepa inatsika kufika pafupifupi mamilimita awiri ndi theka pa freti ya 12. Kenako tinaika nsambo zopyapyala za D'Addario EJ15, za 10 mpaka 47 pa muyeso wa kunenepa kwa nsambo, m'malo mwa 12 mpaka 53 zomwe ambiri amagwiritsa ntchito. Tsiku lomwelo makodi anayamba kumveka onse. Choipa chake n'chakuti mawu amachepa mphamvu ndipo besi imapepuka. Kwa woimbira m'chipinda zimenezo n'zosadandaulitsa. Chitsulo cha m'khosicho musachipotokole nokha mwamphamvu. Chikathyoka, kukonza kwake kungapose mtengo wa gitala.

Pa kuphunzira kwenikweni, ndinatsatira maphunziro aulere a Justin Sandercoe pa YouTube, ndikumatsitsa makanema ndikapeza intaneti yabwino kuti bandulo isathe. Njira yake imodzi ndiyo inandisuntha: kusankha makodi awiri, kusinthasintha pakati pawo kwa mphindi imodzi ndi kuwerenga kuti wasintha kangati. N'zotopetsa, ana a pakhomo amakuseka, koma dzanja limaloweza. Ndi G, C, D, Em ndi Am basi, makolasi ambiri a kutchalitchi mungawaperekeze. Mphindi zochepa tsiku lililonse zinandipindulira kuposa kukhalira gitala Loweruka lonse.

Pa makodi onse, ya F ndiyo idakandivutabe, chifukwa chala chimodzi chimayenera kugona pa nsambo zonse pa freti yoyamba, pomwe nsambo zimalimba kwambiri. Kwayala ikayamba nyimbo mu F, ndimaika kapo, kachipangizo kopana nsambo zonse pamodzi, pa freti yachitatu n'kugwira D, G ndi A. Zomwe zikumveka ndi F, B flat ndi C. Ena amati kumeneko n'kubera. Ine ndimati nyimbo yaimbika, F ndidzamupeza pang'onopang'ono.

Zochunira zake zakhala zokhulupirika. Ndimachuna E, A, D, G, B, E ndisanayambe, ndipo kawirikawiri imakhala yasuntha pang'ono chabe, kupatula masiku oyamba a nsambo zatsopano pamene zimakhala zikutanuka. Pulogalamu ya pafoni imachuna bwino pakakhala bata, koma popeza imamvera pa maikolofoni, wailesi ya oyandikana nawo imaisokoneza. Kochunira kopana pamutu pa gitala kamamva kunjenjemera kwa thabwa, choncho phokoso silikakhudza.

Dzinja linandionetsa mdani wa nsambo: thukuta ndi chinyezi. Zimada, zimachita dzimbiri, mawu n'kufa. Kuzipukuta ndi kansalu kouma ukamaliza kuimba kumazitalikitsa moyo. Ndimaisunga m'chikwama, kutali ndi zenera lolowa dzuwa ndi mbaula, ndipo sindiisiya m'galimoto yotseka.

Pomwe F310 imathera ndi pagulu. Ilibe polumikizira amplifaya, ndiye kiyibodi ndi ng'oma zikalira, inu mumangooneka manja akuyenda. Ngati cholinga chanu ndi kuimba kutsogolo kwa mpingo, funsani za FX310A, yomwe ndi mbale wake wolowa magetsi. Kwa mwana wa pulayimale thupi la F310 n'lalikulu, mkono umalendewera. Yamaha JR1 yaing'ono ingamuyenere. Ena amalangiza Yamaha C40 ya nsambo za nayiloni chifukwa sizipweteka, koma khosi lake n'lotambalala, mamilimita 52 poyerekeza ndi 43 a F310, ndipo ine zala zanga zazifupizi zinakana.

Pogula ya kaunjika, suzumirani chikalata cha m'kati mwa bowo, chifukwa zachinyengo zomata dzina la Yamaha zilipo. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati silinapindike, dinikizani freti iliyonse mumve ngati sikulira ngati njuchi, ndipo musawononge ndalama zonse pa gitala yokha. Musiyeko ya mmisiri ndi nsambo.