Ndakayezetsa khomo la chiberekero pa chipatala chathu chaching'ono, nyenyezi 4 pa 5

Azimayi anzanga amene mumafunsa za VIA (kuyeza khomo la chiberekero popaka viniga kuti aone zizindikiro za khansa), chithandizo chake ndi chabwino ndipo ndi chaulere, koma mulawire chifukwa mzere wake si masewera, anesi ndi ochepa ndiye amene akuyeza ndi omwewonso akuthamangira ku sikelo.

Chomwe chandisangalatsa n'chakuti sanangotigoneka pabedi ayi, anayamba atiphunzitsa kaye. Khansa ya khomo la chiberekero pafupifupi yonse imayamba ndi kachilombo ka HPV komwe timapatsirana pogonana, ndipo ambirife timakatenga osadziwa n'komwe thupi n'kukachotsa lokha. Vuto ndi pomwe kakakamira pakhomo paja, kamalowa m'maselo n'kusokoneza mabuleki omwe amaletsa maselo kuchulukana mwachisawawa, ndiye zaka 15 mpaka 20 zikudutsa iwe uli phee osamva kuwawa kulikonse, pomwe uzidzaona magazi mutagonana kapena chikazi chonunkha zinthu zapita kale patali. Kwa amene chitetezo chawo chatsika ngati a HIV zitha kutenga zaka 5 mpaka 10 basi, n'chifukwa chake a ma ARV amauzidwa kuti aziyezetsa pafupipafupi. Mitundu iwiri yokha ya HPV, 16 ndi 18, ndi imene imabweretsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansayi.

Kuyezako n'kwa mphindi zochepa, kachitsulo kake kamazizira inde koma kuwawa ayi, amapaka viniga n'kudikira pang'ono, pakaoneka poyera ndiye kuti maselo ayamba kusintha ndipo ngati malowo ndi aang'ono amawotcha ndi kamakina tsiku lomwelo, akakhala aakulu amakutumizani ku chipatala chachikulu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha katani, inang'ambika ndipo amene ali pabenchi panja amamva zonse zomwe mukukambirana ndi anesi, abale, anthu ake timapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Anatikumbutsanso za katemera wa HPV yemwe boma linayamba kupereka dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, zoti amatseka mimba zija ndi bodza, amangofunika mwana alandire asanakumane ndi kachilomboka. Ndiponso mu katemera wa makanda wa ku sikelo muli woteteza ku hepatitis B, kachilombo kena komwe kamayambitsa khansa ya chiwindi.

Popita tengani buku la kuchipatala ndi chitenje, ndipo musankhe tsiku lomwe simuli kumwezi.