Dokotala kapena tekiniko: ndalama zochepazi tiziike pati?

Ku Portugal madokotala amapitirira 5 pa anthu 1,000 alionse. Kuno ku Mozambique dokotala mmodzi amasamalira anthu pafupifupi 10,000, ndipo ambiri mwa madokotalawo ali ku Maputo.

Dokotala amaphunzira zaka 6. Nzeru zake ndi zakuya, matenda ozunguza mutu ndi iye amawatulukira. Koma ndi wodula kumuphunzitsa, ndipo akamaliza mtima umakhala kutauni.

Tekiniko wa opaleshoni, wachipatala amene si dokotala koma anaphunzitsidwa kuchita opaleshoni, ndi nkhani ina. Boma linayamba kuphunzitsa anthuwa mu 1984, madokotala achipwitikizi atachoka dziko litalandira ufulu mu 1975. Sadziwa zonse, inde, koma kumudziko amakhalitsa. Taganizani mayi wa ku Tsangano amene mwana wapingasa m'mimba usiku, mvula ikugwa, msewu uli matope okhaokha. Sangadikire kuti akafike ku Tete. Akufuna munthu wogwira mpeni pafupi, nyale yoyaka ndi magazi m'firiji.

Azungu angathe kusankha katswiri chifukwa thumba lawo ndi lonona. Ife ndalama ikapezeka, ine ndingayambire tekiniko ndi mzamba. Madokotala aziwayendera ndi kulandira odwala owakanika.