Autosectionlabel ya Sphinx: yothandiza, koma muziyatsa mukudziwa mavuto ake

Sphinx, pulogalamu yopangira masamba a zolemba zofotokoza mapulogalamu, imene Georg Brandl anaitulutsa mu 2008 pokonza zolemba zofotokoza Python, ili ndi kachigawo kotchedwa sphinx.ext.autosectionlabel kamene kanabwera ndi Sphinx 1.4. Ntchito yake ndi imodzi yokha: mutu uliwonse wa m'zolemba zanu umalandira chizindikiro chimene mungalozeko muli pa tsamba lina, popanda kulemba nokha mzere wa `.. _dzina:` pamwamba pake. Kuyatsa kwake n'kosavuta, chifukwa mumangowonjezera dzinalo pa mndandanda wa extensions mu conf.py, fayilo ya makonzedwe a Sphinx, ndipo kuyambira pamenepo :ref:`Installation` imakafikitsa wowerenga pa mutu wa dzina limenelo.

Mavuto amayamba zolemba zikachuluka. Masamba awiri akakhala ndi mutu wofanana, monga Usage, Sphinx imachenjeza kuti pali duplicate label, kutanthauza chizindikiro chobwerezedwa, ndipo kwa amene amayendetsa Sphinx ndi -W, imene imatenga chenjezo lililonse ngati cholakwika, ntchito yonse imalephereka. Kuika autosectionlabel_prefix_document = True kumathetsa zimenezi, popeza dzina la fayilo limaikidwa kutsogolo, chizindikiro n'kukhala guide/install:Usage. N'zodabwitsa kuti mbali imeneyi imabwera ili yozimitsa, pamene pafupifupi aliyense amene ali ndi masamba angapo amaifuna.

Komabe njira imeneyi sithandiza mutu ukamabwerezedwa m'fayilo imodzi, monga zimachitikira mu changelog, mndandanda wa zimene zasintha m'pulogalamu, mmene Bug fixes imaoneka pansi pa version iliyonse. Apa pamafunika autosectionlabel_maxdepth, imene imachititsa kuti timitu tapansi tisalandire zizindikiro. Ena amangotseka machenjezo polemba autosectionlabel.* mu suppress_warnings, koma kutero n'kuvindikira mphika wopserera, chifukwa linki ikhoza kukafika pa mutu umene simunaufune, inu osadziwa.

Chimene ndikuchiona ngati chilema chachikulu n'chakuti chizindikiro chimadalira mawu a mutuwo. Mnzanu akangokonza kalembedwe ka liwu limodzi pamutu, malinki onse olozako amaduka, ndipo ngati dzina la fayilo lili kutsogolo, kusamutsa fayiloyo kumawadulanso. M'zolemba zanu Sphinx imakuuzani kuti pali undefined label, kutanthauza chizindikiro chimene palibe, ndiye mumakonza msanga. Koma zizindikirozi zimalowanso mu objects.inv, fayilo imene mapulojekiti ena amawerenga kudzera mu intersphinx, kachigawo kolozera ku zolemba za mapulojekiti ena, choncho malinki awo amatha kuduka inu osalandira chenjezo lililonse.

Kwa zolemba za masamba ochepa zimene munthu mmodzi amaziyang'anira, kachigawoka kamapeputsa ntchito kwambiri ndipo ndingakalimbikitse, bola autosectionlabel_prefix_document ikhale yoyatsa kuyambira tsiku loyamba. Pa mitu imene anthu ambiri amalozako, monga malangizo a kaikidwe ka pulogalamu, chizindikiro cholembedwa pamanja n'chodalirika kwambiri, ndipo Sphinx imalola kuti njira ziwirizi zizigwira ntchito limodzi m'fayilo imodzi.