Maikulosikopu ya USB ya 1600x ija: wogulitsa ndi wabodza koma kachipangizoka sindibweza

Ndiyambe ndi inu akulu a ku Limbe amene mumayika zithunzi pa Facebook tsiku ndi tsiku, mukudzidziwa. Ndinatumiza 95 pin Lolemba m'mawa, munati katundu akwera minibasi ya masana, ine nkukakhala pa depoti pa Mangochi boma mpaka mdima, dzuwa la Okutobala likundiyanika ngati usipa wa pa thandala, foni yanu yozima. Lachinayi mpamene kondakitala wina anandipatsa kajumbo kakuda, bokosi lophwanyika pakona, kamwendo koimikira kothyoka khosi moti pano ndimachita kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Kukufunsani mukuti "kuno inachoka ili bhobho bwana". Chabwino.

Kwa amene simukundidziwa, ndikuphunzira za zamoyo za m'madzi ndipo ntchito yanga ndi ya nyongolotsi za m'nyanja ya mchere, zija zimakhala m'kachubu komata ndi mamina ake ndi matope nkumatulutsa mutu wonga nthenga kuti zisefe chakudya m'madzi, banja lake amati Sabellidae. Zanga ndinakatola ku Nacala, pa zingwe ndi mizati ya m'madzi, ndinadutsa nazo pa Chiponde m'timabotolo 23. Anzanga kuno amaseka eti munthu wa kwa chambo nkukalimbana ndi nyongolotsi za eni, asiyeni.

Ndiye 1600x ija, yoti kachipangizoka kamakuza chinthu ka 1600, ndi ya pa bokosi basi. Kuti udziwe mtundu weniweni umayenera kuona timbedza ting'onoting'ono ta pathupi, ma uncini, tooneka ngati mutu wa mbalame, nkuwerenga timano tili pamwamba pa dzino lalikulu. Ndinapotokola kagudumu kokuzira chithunzi kaja mpaka chala kuwawa, chomwe chimatuluka pa laputopu ndi phala lokhalokha. Mzere wa timbedza ukuoneka inde, mpaka pamene thupi limatembenuka paja, kutsogolo timbedza timakhala mmunsi ubweya mmwamba koma kumbuyo zimasinthana, koma mano ayi ndithu. Amene mukufuna zimenezo pitani mukapemphe maikulosikopu yeniyeni ya mu labu.

Koma chinandiwawa kwambiri ndi ethanol, mankhwala osungiramo nyongolotsizi. Ndinakuuzani kawiri, pa foni ndi pa WhatsApp, kuti ndikufuna ya 96%, yoyera, chifukwa DNA imasungika mmenemo, mankhwala ena osungira aja a formalin amaiononga, zosungunula ndi madzi nazonso sizithandiza. Munati muli nayo, ndionjezere 12 pin. Kutsegula kajumbo ndikupeza spiriti wa pepo uja ometa amapaka anthu m'mutu. Abale inu. Ndikanakhala wosadziwa nkuthira mmenemo ulendo wonse wa ku Nacala ukanapita m'madzi, ndipo mpaka lero simunapepese, mungoti "spiriti ndi spiriti".

Ndinatsala pang'ono kukabweza Loweruka lomwelo. Usiku wa Lachisanu magetsi anazima, kutentha kosagoneka, ndinangoti ndiyesenso kamodzi poti kamadya batire ya laputopu ndipo kali ndi timagetsi take kumlomo. Ndinatenga botolo nambala 7, kudula nthenga imodzi, ma radiole aja, kuyika m'kambale ka galasi. Eee. Timadontho takuda tiwiritiwiri tandandalika nthenga yonse, amenewo ndi maso, nyongolotsi ili ndi maso pa nthenga zake nchifukwa chake ukangodutsitsa mthunzi imathawira m'chubu. Ndipo kuseri kwake timalilime tating'ono totuluka tiwiritiwiri, ma stylode, amene ukangowaona umadziwa kuti iyi ndi ya gulu lotchedwa Branchiomma, palibenso kufunsa. Ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba kudzuka kuti mwina kwalowa njoka. Mwana wanga wa sitandade 6 anakhala pambali panga kuwerenga maso mpaka 11 koloko, sukulu yonse inamva Lolemba.

Ndinapitiriza usiku womwewo, nambala 12 ilibe timalilime, ilibe maso pa nthenga, yaikulu bwino, ndikuganizira gulu lina lotchedwa Sabellastarte. Pofika Lamulungu mabotolo onse ndinali nditawagawa m'magulu, kolala ya pakhosi ikuoneka bwino, zigawo za kutsogolo zija kawirikawiri zimakhala 8 ndinawerenga popanda vuto. Zithunzi sizokongola kwenikweni, zimatuwa m'mbali, koma aphunzitsi anga anazilandira, ndipo amafuna chithunzi cha nyongolotsi iliyonse isanadulidwe kanyama kopita ku labu.

Pajatu kuyang'ana kokha sikukwanira ngakhale utakhala ndi makina a mamiliyoni. Mu Branchiomma muli mitundu yofanana ngati mapasa ndipo timalilime tija timasiyana kukula ngakhale mu mtundu umodzi, ndiye amawerenga kachigawo ka DNA kotchedwa COI, zilembo pafupifupi 650, nkukafananiza ndi zomwe ena anayika pa GenBank, nkhokwe ya DNA ya pa intaneti. Ife a kuno sitingadabwe, nsomba za mbuna za ku Cape Maclear zimazunguza mitu akatswiri chimodzimodzi. Tinyama tanga tinapita sabata yatha, ndikudikira, makamaka nambala 7 ndi 15 zomwe pa laputopu zikuoneka chinthu chimodzi koma mtima ukukana.

Ndiye kachipangizoka ndikapatsa nyenyezi zitatu, kakanakhala ndi mwendo wabwino mwina zinayi, kwa mphunzitsi wa biology ku sekondale kapena wofuna kuona nsabwe za pa nsomba ndi kabwino ndithu, ingodziwani kuti nambala ya pa bokosi ndi nthano. Wogulitsayo imodzi, nayonso chifukwa katundu anafika. Akulu, 12 pin yanga ndikuifunabe, nambala ndi yomwe ija. Spiriti wanu mlamu wanga akuyatsira mbaula.